Mabakiteriya a mu Mudi ndi kumtaya wa Mzedi tisawanyoze

Nkhani ya ndalama zopita kumayunivesite ikangofika pakamwa pa anthu, funso lomwe silichedwa kutuluka ndi lakuti kafukufuku amene amachitika kumeneko amatiphulira chiyani. Ena amati ndi mapepala ongodzaza mashelefu. Ena amati ndi makwerero a aphunzitsi ofuna kukwezedwa pantchito, basi. Mkwiyo umakula anthu akamva kuti pali asayansi omwe ntchito yawo ndi kupita kumtaya, m'ngalande za madzi onunkha ochokera m'mafakitale, kapena pamigodi yotsekedwa, kukatapa matope m'timabotolo pofuna mabakiteriya. Kwa munthu amene amawoloka mtsinje wa Mudi mu Blantyre m'mawa uliwonse atatseka mphuno, zimenezi zimamveka ngati chipongwe. Iye chomwe akufuna n'chakuti mtsinjewo uyere, osati wina akapezere digiri pa fungo lake.

Ine ndili mbali ya otapa matopewo. Ndikuti Malawi ndi Zambia ayenera kufufuza mwadala mabakiteriya a m'malo awo owonongeka, makamaka aja amatulutsa zinthu zonanda zopangidwa ndi shuga, kuwasunga m'manja mwathu, ndi kuyamba kuwayesa pa ntchito imodzi yomwe timaifuna tsiku ndi tsiku, yoyeretsa madzi. Sindikunena kuti mtsinje wonyansa ndi mdalitso, ndiponso sindikulonjeza fakitale chaka chamawa. Ndikunena kuti gawo loyamba la ntchitoyi n'lotchipa, anthu oidziwa tili nawo, ndipo tikailekerera aichita ena n'kudzatigulitsa zotuluka zake m'matumba olembedwa Chingerezi.

Tiyambe tamvana pa chomwe tikukamba. Aliyense amene anasungapo madzi m'chigubu kwa masiku angapo amakudziwa kuterera komwe umakumva ukapisa chala m'kati mwake. Kutererako si dothi. Ndi mabakiteriya omwe akhazikika pakhoma la chigubucho n'kudzikuta ndi zonanda zomwe amatulutsa okha. Zonandazo ndi timagawo ta shuga tolumikizana m'maunyolo ataliatali, ndipo sizitsekemera ayi. Asayansi amazitcha exopolysaccharide, mwachidule EPS. Zimananda monga therere, pa chifukwa chofanana: maunyolo ataliatali amagwira madzi ambiri n'kumakolanakolana. Bakiteriya amataya chakudya chake chambiri popanga zimenezi, choncho sizingakhale zopanda phindu kwa iye. Zimam'teteza kuti asaume, zimam'matiza pamwala kapena m'paipi kuti madzi asam'kokolole, komanso zimagwira poizoni asanafike m'kati mwake. Mtovu, kopa, zinki ndi cadmium zikasungunuka m'madzi zimakokedwa ndi mbali zina za maunyolowa n'kukanirira pomwepo, kunja kwa bakiteriyayo.

Apa ndiye pagona chifukwa choyang'anira malo owonongeka. Pamalo pomwe pathiridwa mafuta a injini, utoto wa nsalu kapena zotsalira za mgodi kwa zaka zambiri, mabakiteriya osadziteteza anafa kalekale. Otsalawo ndi omwe ali ndi chodzitchinjiriza nacho, ndipo ambiri mwa iwo anazolowera kudya zomwe ife timataya. Kunena kwina, malo oterowo atisankhira kale, mwaulere, mabakiteriya a makhalidwe awiri omwe wopanga zinthu amawafuna: kupirira ndi kusasankha chakudya. Chilungamo chake n'chakuti si chuma chonse cha mtunduwu chomwe chinachokera konyansa. Gellan, yemwe amathiridwa m'zakudya ndi m'zakumwa kuti zigwirane, anachokera kwa bakiteriya amene anapezeka mu 1978 padziwe wamba la ku Pennsylvania. Koma pamene mukufuna chinthu chogwira zitsulo kapena mafuta, nzeru ndi kukafufuza komwe kuli zitsulo ndi mafutawo. Ku Israel m'zaka za m'ma 1970, Eugene Rosenberg, David Gutnick ndi anzawo anapeza bakiteriya wa m'nyanja wodya mafuta osayengedwa, wa mtundu wa Acinetobacter, ndipo zonanda zake, zotchedwa emulsan, zimaphwanya mafuta kukhala timadontho toti tisakanikirane ndi madzi. Pafupi ndi kwathu, ku Kabwe, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe ana mpaka lero. Ofufuza a University of Zambia pamodzi ndi a Hokkaido University ya ku Japan anapatulako bakiteriya wotchedwa Oceanobacillus profundus, n'kuonetsa mu labotale kuti amachotsa mtovu ndi zinki m'madzi.

Mbiri ya zinthu zimenezi ndi mbiri ya anthu omwe anayang'anitsitsa chomwe ena anachitaya. Botolo la chakumwa chotchedwa root beer litaonongeka n'kuyamba kunanda, linakafika ku labotale ya boma ya zaulimi ku Peoria, m'chigawo cha Illinois ku America. Bakiteriya amene anaononga chakumwacho, Leuconostoc mesenteroides, ndi amene Allene Jeanes ndi anzake anam'gwiritsa ntchito popanga dextran wochuluka, mtundu wina wa zonanda zomwezi, yemwe ankathiridwa m'mitsempha ya asilikali otaya magazi pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953. Mayi yemweyo ndi gulu lake ndiwo anatulukiranso xanthan, kuchokera kwa Xanthomonas campestris, bakiteriya amene amawoletsa kabichi m'dimba. Xanthan anayamba kupangidwa pamalonda m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ali m'masosi a m'mabotolo, m'mankhwala otsukira mano, m'zakudya za odwala ovutika kumeza, ngakhalenso m'matope omwe amathira pokumba zitsime za mafuta. Mukaona E415 pa chikutiro cha chakudya m'golosale, ndi iyeyo. Tinalipira ndalama zakunja kuti afike pashelefupo.

Tsono timve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zachibwana. Oyamba amanena za ndalama. Amati dziko lomwe m'zipatala mumasowa mankhwala, lomwe chaka ndi chaka limapempha chimanga, lilibe danga losewera ndi timbale ta mu labotale. Sayansi yotere isiyidwe kwa mayiko okhuta. Ndikumvetsa komwe mawuwa akuchokera, koma ndikuona kuti akusakaniza magawo awiri osiyana kwambiri pa mtengo. Gawo lodula ndi fakitale: matanki achitsulo, makina opopera mpweya, magetsi osazima, akatswiri oyesa ubwino wa katundu. Limenelo sindikulipempha lero. Gawo loyamba limaoneka motere. Wophunzira amasungunula matope pang'ono m'madzi oyera, n'kupaka pa timbale ta agar, chinthu chogwirana ngati jeli cholererapo mabakiteriya, tothiridwa shuga wambiri. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri pamamera timadontho, tina touma, tina tonyezimira ndi tonyowa. Amagunda kadontho konyowako ndi kawaya kowotchedwa pamoto, ndipo akakweza n'kuona kaulusi kakutsatira kawayako, wadziwa kuti wapeza wofunika. Amam'lera m'botolo la msuzi wa shuga, n'kupatula mabakiteriyawo pa makina ozunguza, kenako m'madzi otsalawo amathiramo ethanol wozizira. Zonanda zija zimaundana n'kukhala ulusi woyera woti ungakulungidwe pa kamtengo kagalasi. Poyesa ntchito yake amatenga matambula awiri a madzi amatope, n'kuthira pang'ono m'tambula imodzi, n'kuona komwe dothi liyambe kukhazikika pansi.

Zonsezi ndi zida zomwe zimapezeka mu labotale yophunzitsira. University of Malawi ku Zomba, MUST ku Thyolo, LUANAR ku Bunda, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, University of Zambia ndi Copperbelt University, onsewa amaphunzitsa kale sayansi ya tizilombo kapena ya madzi, ndipo ophunzira awo a chaka chomaliza amayenera kuchita kafukufuku, afune asafune. Funso si lakuti tichotse ndalama ku chimanga n'kuzipereka ku matope. Funso ndi lakuti kafukufuku amene akuchitika kale alunjike kuti, ndiponso kuti zomwe wophunzira wapeza zikhale kuti iye akamaliza sukulu. Pachifukwa ichi ndikuti chosowa chachikulu si ndalama zochuluka koma dongosolo: malo amodzi osungira, kaundula mmodzi, ndi mgwirizano woti wa chaka chino apitirize pomwe analekeza wa chaka chatha. Masomphenya a Malawi 2063 anaika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Mafakitale a zamoyo sayamba ndi nyumba; amayamba ndi bakiteriya wodziwika dzina ndi khalidwe, wosungidwa pabwino.

Otsutsa achiwiri ndi omwe ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa amanena za ngozi. Amati m'madzi a suweji ndi kumtaya ndi komwe kumakhala mabakiteriya odwalitsa, ndipo kuwalera mochuluka ndi kuitana tsoka. Akunena zoona, ndipo zoona zake n'zowawa kuposa momwe ambiri amaganizira. Zonanda zomwe tikuzitamandazi ndi chida cha adani athu omwe. Vibrio cholerae, amene amayambitsa kolera, amapanga zake zomwe zimam'thandiza kuunjikana ndi kukanirira pa zinthu za m'madzi, ndipo akadzikuta chotero klorini amavutika kum'fikira. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno. Palibe amene angaseke nkhani ya madzi a suweji pamaso pa mabanja amenewo. Pseudomonas aeruginosa, yemwe amapezeka kwambiri m'malo onyowa ndi onyansa, amatulutsa zonanda zochuluka, koma ndi yemweyo amene amavutitsa odwala zilonda zamoto ndi ofooka m'zipatala. Kuwonjezera apo, mabakiteriya opirira zitsulo kawirikawiri amakhalanso osamva maantibayotiki, popeza malangizo a mu DNA a zinthu ziwirizi nthawi zambiri amayendera limodzi. Ndipo chinthu chomwe chimagwira mtovu bwino, chikapangidwa mosasamala, chingathe kubweretsa mtovuwo m'mbale.

Komabe ngozi yodziwika ili ndi njira zake. Bakiteriya aliyense wopezeka ayenera kudziwika mtundu wake asanaleredwe mochuluka, ndipo masiku ano kuwerenga kagawo ka DNA kozindikiritsa mtundu ndi ntchito wamba. Wa m'banja lodwalitsa anthu achotsedwe pamndandanda, ngakhale atananda chotani. Wotsalayo saleredwanso m'madzi a mumtsinje. Amaleredwa m'chakudya choyera, choncho mtovu wa komwe anachokera sum'tsatira. Tisaiwalenso kuti chomwe chimapita kwa wogula ndi zonandazo, osati bakiteriya wamoyo. Xanthan amachokera kwa wowoletsa kabichi, koma palibe amene anawola chifukwa cha sosi. Hyaluronic acid, yemwe madokotala amagwiritsa ntchito pa opaleshoni ya maso ndi pobaya m'maondo, kale ankam'chotsa ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala, koma lero wambiri amapangidwa ndi Streptococcus zooepidemicus, bakiteriya wodwalitsa akavalo, kenako n'kuyeretsedwa mosamala. Za luso logwira madzi oopsa, silachilendo kwathu kuno: ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme akhala akutapa madzi a m'mitsinje ya mu Blantyre posaka bakiteriya wa taifodi. Ngati tikutha kusaka dala wodwalitsa popanda kudwala, tingathenso kusaka wothandiza.

Ngakhale zili choncho, otsutsawa andikopa pa chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti tiyambire pa madzi, makamaka madzi otayidwa. Kuti chinthu chatsopano chiloledwe m'zakudya kapena m'mankhwala pamafunika zaka za kuyesa ndi ndalama zomwe tilibe, ndipo a Malawi Bureau of Standards angachite bwino kukana chilichonse chobwera mwachidule. Koma chinthu chothira m'madzi ochokera kufakitale ya utoto kapena kumgodi, asanalowe mumtsinje, sichifunika kuyera ngati cha m'jakisoni. Chikalephera, madziwo angokhala momwe analili. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wofufuza amene alonjeza kuti bakiteriya wake adzachiza khansa, adzakometsa yogati, adzayeretsanso Mudi, ameneyo akulemba pofuna kusangalatsa opereka ndalama. Tisankhe phanga limodzi.

Pali ena amene amaopa kuti tikayamba kunena kuti m'malo owonongeka muli chuma, eni mafakitale apeza pobisalira, n'kumati zonyansa zawo zikuthandiza sayansi. Apa sindichedwapo. Bakiteriya akapatulidwa kamodzi, mtsinje sufunikanso. Amasungidwa m'kabotolo kochepa ngati chala, m'firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro, kapena amaumitsidwa n'kutsekeredwa m'kagalasi momwe angakhale zaka makumi. Opanga dextran sanafunike kuonongetsa botolo lina la chakumwa. Wothira zonyansa mu Mudi, mu Lingadzi kapena mu Kafue alipire ndi kusiya, ndipo bungwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo losamalira zachilengedwe la 2017, ligwire ntchito yake popanda kudikira aliyense wa mu labotale. Chomwe ndikupempha n'chakuti galimoto yokachotsa zinyalala isanafike, munthu wa timabotolo adutse kaye.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya msika, ndipo aliyense wokonda ntchitoyi ayenera kuimva mpaka kumapeto. Chaka chilichonse magazini a sayansi amadzaza ndi nkhani za EPS watsopano wopezeka uku ndi uko, aliyense akutamandidwa kuti ali ndi tsogolo. Koma a mabakiteriya omwe anafikadi pamsika waukulu mungawawerenge ndi zala: xanthan, dextran, gellan, curdlan, cellulose wa mabakiteriya yemwe ku Philippines amadyedwa ngati nata de coco, ndi ena ochepa. Ambiri amathera m'botolo la mu labotale chifukwa amatuluka pang'ono, kapena chifukwa msuzi ukananda kwambiri mpweya sulowa ndipo kutakasa kumadya magetsi ochuluka, kapenanso chifukwa ethanol wowapatulira ndi wodula. Xanthan wambiri padziko lapansi amapangidwa ku China, m'mafakitale akuluakulu omwe mtengo wawo sitingaupikisane nawo. Ndiye kwathu kuno onjezani kuzimazima kwa magetsi: thanki yolerera mabakiteriya ikaima maola angapo, zonse zaonongeka. Tilinso ndi chitsanzo chathuchathu chotichenjeza. M'zaka za m'ma 1990, pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo, ofufuza a ku Leicester ku Britain ndi anzawo a kuno anaonetsa kuti ufa wa njere za chamwamba umakhazikitsa dothi la m'madzi bwino lomwe. Umboni unalipo, mtengowo umamera paliponse, koma lero chomwe chimadziwika m'mabungwe ogawa madzi ndi alum, mankhwala okhazikitsa dothi la m'madzi, wogula kunja.

Zonsezi n'zoona, ndipo wonena kuti tidzagulitsa xanthan wa ku Malawi ku Ulaya akulota masana. Koma taonani kuti mfundoyi ikutsutsa cholinga chomwe ine sindinachitchule. Sitikufuna kupambana China pa ufa woyera wa m'zakudya. Tikufuna chinthu chosayengedwa kwambiri, chopangidwa pafupi ndi pomwe chikagwire ntchito, cholowa m'malo mwa gawo la mankhwala omwe timaitanitsa ndi ndalama zakunja zomwe mabanki athu amakhala alibe. Pa chinthu chotero, mbali yodula ya kuyeretsa ndi kuumitsa imachepa kwambiri, mwinanso msuzi wake womwewo ungathiridwe m'madzi otayidwa mabakiteriya ataphedwa ndi kutentha. Ndipo njira imeneyi si yachilendo. Kuyambira 1914, pomwe Edward Ardern ndi William Lockett anasonyeza ku Manchester kuti madzi a suweji amayera ukawapopera mpweya pamodzi ndi matope a mabakiteriya, mizinda yakhala ikudalira zonanda zomwezi, chifukwa ndi zomwe zimamanga mabakiteriya ndi zinyalala m'timibulu tomira pansi. Ku Netherlands anapita patsogolo: mu 2019 anatsegula fakitale ku Zutphen yochotsa zonandazi m'matope a pamalo oyeretsera madzi otayidwa, n'kuzigulitsa m'dzina la Kaumera, zogwiritsa ntchito pa ulimi ndi pa zomangamanga. Iwo anasandutsa katundu chomwe kale ankalipira kuti chikatayidwe. Malo athu a suweji, monga a ku Kauma mu Lilongwe, sanamangidwe mofanana ndi a kumeneko, choncho sitingangokopera. Koma funso lakuti m'matope mwathu muli chiyani ndi lomwelo.

Pali china chomwe otsutsa amachiiwala: pa zopangira, Malawi si wosauka. Zinthu ziwiri zomwe ntchitoyi imadya kwambiri ndi shuga wolerera mabakiteriya ndi ethanol wopatulira zonanda, ndipo zonse ziwiri zimapangidwa kwathu kuno. Nzimbe zili ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima. Ethanol wakhala akupangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo amapangidwanso ku Chikwawa. Molasesi, madzi okhuthala otsalira popanga shuga, si waulere ayi, popeza opanga ethanol omwewo amam'limbirana, koma palinso madzi otsalira popanga ethanol, otsukira chinangwa, a m'mafakitale a mowa ndi a mkaka, omwe pakali pano ndi mtolo kwa eni ake. Bakiteriya wochokera kumalo onyansa ndiye woyenera kuyesedwa pa chakudya chotere, chomwe wa mu labotale yaukhondo angachikane. Ndipo opanga shuga amam'dziwa kale dextran, ngakhale amam'dziwa ngati mdani. Nzimbe zikawotchedwa n'kudulidwa, zikachedwa kufika pachigayo, Leuconostoc amalowa m'mabala ake n'kuyamba kusandutsa shuga kukhala dextran. Madzi a nzimbe amananda, kuphika kumavuta, timiyala ta shuga timatuluka totalika molakwika, ndipo phindu limatsika. Mlimi wa nzimbe amene galimoto yam'chedwera amataya ndalama chifukwa cha chinthu chomwe kwina chimagulitsidwa m'mafamase. Dziko lomwe limalimbana ndi bakiteriya ameneyu nyengo iliyonse yokolola silinganene kuti sayansi ya zonanda ndi ya eni ake akutali.

Za chamwamba cha ku Thyolo, ine ndimaphunzirapo zosiyana ndi zomwe otsutsa amaphunzirapo. Sayansi yake sinalephere. Chomwe chimapha ntchito zotere ndi chakuti wofufuza amagwira yekha, n'kudzapita kwa wogwiritsa ntchito kumapeto, atanyamula lipoti. Pachifukwa ichi injiniya wa bungwe logawa madzi, woyang'anira suweji wa khonsolo ndi mwini fakitale yotaya madzi a utoto ayenera kukhala pagome kuyambira tsiku loyamba, anene okha kuti madzi awo ndi amtundu wanji, amathira mankhwala ochuluka bwanji, ndipo angalipire zingati pa cholowa m'malo mwake. Bakiteriya amene sakukwanitsa mtengo umenewo asiyidwe m'firiji, ngakhale pepala lake litakoma. National Commission for Science and Technology, yomwe imagwirizanitsa za kafukufuku m'dziko muno, ingathe kuika zimenezi ngati lamulo popereka thandizo lililonse pa ntchitoyi.

Otsiriza ndi aja otaya mtima, onena kuti kaya tifufuze kaya tisafufuze, opindula adzakhala akunja, popeza ndiwo ali ndi makina, maloya ndi misika. Ali ndi pogwira. Ku Kenya, tizilombo totapidwa m'nyanja zamchere za m'chigwa cha Rift Valley, monga Bogoria, tinapereka ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu, omwe kampani ya Genencor inagulitsa kwa opanga sopo wochapira ndi ofewetsa nsalu za jinzi, ndipo mu 2004 a Kenya Wildlife Service anadandaula poyera kuti dziko lawo silinapindule nawo. Nkhani zotere ndi zomwe zinabala pangano la Nagoya la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014, ndipo Malawi ndi Zambia analivomereza. Panganolo limati wofuna kutenga zamoyo za dziko lina apemphe chilolezo kaye, agwirizanenso za kagawidwe ka phindu. Vuto ndi lakuti masiku ano munthu safunikanso kunyamula botolo pabwalo la ndege. Akawerenga DNA n'kuiika pa intaneti, wina ku kontinenti ina angathe kuigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake msonkhano wa ku Cali, ku Colombia, mu 2024 unakhazikitsa thumba loti makampani opindula ndi zoterezi aziponyamo.

Koma mfundo imeneyi, ukaitsatira bwino, ikukankhira mbali yanga. Pangano limateteza amene akudziwa chomwe ali nacho. Tikaganiza za chuma cha chilengedwe timaganiza za mbuna za m'nyanja ya Malawi, mkungudza wa ku Mulanje ndi njovu za ku Liwonde. Palibe mlonda amene angafunse mlendo wotapa matope m'ngalande ya ku Makata, dera la mafakitale mu Blantyre, chifukwa aliyense amaona ngati akutichotsera nyansi. Popanda kaundula wathu wosonyeza kuti bakiteriya wakutiwakuti anatapidwa pamalo akuti, tsiku lakuti, sitidzakhala ndi umboni pa tsiku lomwe dzina lake lidzatulukire m'chikalata cha umwini ku dziko lina. Sindikutsutsa kugwira ntchito ndi mayunivesite akunja; za ku Kabwe zija zinatheka chifukwa cha mgwirizano wotero, ndipo makina ena tilibedi. Ndikuti chilolezo chilichonse chotapira m'malo amenewa chizinena zinthu zomveka: bakiteriya aliyense wotuluka m'dziko asiye mnzake wamoyo m'nkhokwe ya kuno, wowuma m'kagalasi kuti kuzima kwa magetsi kusamuphe, wofufuza wa kuno akhale nawo pa ntchito yonse, osati pa kunyamula mabotolo pokha, ndipo ngati padzapezeka phindu, gawo lake lilembedweretu kuti lidzapita kukakonza malo omwe bakiteriyayo anachokera, pomwe anthu okhala m'mbali mwa Mudi ndi otola zinthu kumtaya wa Mzedi akupuma fungolo lero.